Tisanapalase wa ku Lichinga, tiidziwe njirayi

Anzanga amene mukulota zopalasa njinga kuchoka pa Boma mpaka ku Lichinga, dziwani kuti njira ya ku Chiponde si ya lero. M'zaka za m'ma 1800, amalonda achiyao ankadutsa m'mapiri omwewa wapansi, atasenza minyanga ya njovu, ulendo wa kunyanja ya mchere. Ankatenganso akapolo, zimenezo tisabise.

Mu 1891 Angelezi anamanga Fort Johnston m'mbali mwa Shire, koma Mfumu Jalasi kumtunda kuja inawakanika mpaka 1895. Chinkaitchinjiriza n'chiyani? Mapiri omwe aja. Chitunda cha ku Namwera chimene chimatitsitsa panjinga n'kuyamba kukankha, asilikali nawonso chinawatulutsa thukuta.

M'ma 1980, nkhondo itavuta ku Mozambique, abale athu othawa analowera konkuno. Ambiri anabwerera kwawo mtendere utabwera mu 1992.

Ndiye tiphunzire kwa akalewo: ankayenda pagulu, mvula itatha, akudziwiratu pogona. Ife tionjezepo pasipoti yoonetsa pa Mandimba, machubu apadera, pampu ndi madzi okwanira. Matayala owonda aja safuna chibwana. Tidzanyamuke m'mbandakucha, dzuwa la Mangochi lisanakwiye!