Mmene Madokotala Anaphunzirira Kuyeza Mwamuna

Banja likatha zaka ziwiri kapena zitatu lopanda mphatso ya mwana, amene amayamba kuyendetsedwa kwa asing'anga, kumapemphero ndi kuchipatala ndi mkazi. Mwamuna amatsala pakhomo ngati nkhaniyo sikumukhudza. Komatu makolo athu ankadziwa bwino kuti vuto likhoza kukhala la mwamuna. Mwambo wa fisi, pamene akuluakulu ankapangana mwachinsinsi ndi mwamuna wina kuti alowe m'nyumba usiku, ndi umboni wa zimenezo. Mwambowo unkaphimba manyazi a gojo, koma sunkamuchiza. Nakonso ku Ulaya zinali chimodzimodzi: madokotala a matenda a amayi anali atakhazikika kale m'zaka za m'ma 1800, pamene mwamuna wosabereka kapena wolephera kuchipinda analibe khomo lenileni loti agogodepo. Ogulitsa mankhwala a mphamvu ndiwo anayamba kumupeza. Omufunsa, kumugwira ndi kumuyeza anabwera mochedwa kwambiri.

Chiyambi chake chili ku Delft, m'dziko la Netherlands, m'chaka cha 1677. Antonie van Leeuwenhoek anali wogulitsa nsalu amene ankakonda kupera timagalasi toonera tinthu tosaoneka ndi maso. Wophunzira udokotala wina, Johan Ham, anamuuza kuti waona tinthu tamoyo mu umuna wa wodwala. Leeuwenhoek atayang'ana yekha anaonadi tinthu tamitu ndi michira, tosawerengeka, tikusambira. Analembera kalata bungwe la Royal Society ku London, koma mwamantha, mpaka anapempha kuti ngati nkhaniyo ioneke yolaula, aibise kapena aiwononge. Manyazi amene amamanga abambo pakamwa lero analipo kale patsiku loyambalo.

Kuona tinthuto sikunatanthauze kudziwa ntchito yake. Akatswiri ambiri ankati ndi tizilombo tongokhala m'thupi ngati njoka zam'mimba. M'zaka za m'ma 1770, wansembe wa ku Italy, Lazzaro Spallanzani, anasokera achule aamuna timakabudula tansalu yosalowa madzi n'kuwasiya kuti akwere aakazi. Mazira sanaswe. Atatenga timadzi totsalira m'timakabudulato n'kupaka pamazira, mbululu zinatuluka. Ngakhale zinali choncho, panadutsanso zaka zana kuti Oscar Hertwig, mu 1876, aonetse poyera kuti moyo umayamba mbewu imodzi ya mwamuna ikalowa m'dzira n'kuphatikana nalo.

Pa nthawi yomweyo ena ankalondola njira ina. Aliyense woweta ziweto amadziwa kuti tonde akathenedwa amafatsa ndipo amanenepa, koma chifukwa chake sichinkadziwika. Mu 1849 Arnold Berthold wa ku Göttingen anathena atambala, kenako ena mwa iwo anawabwezera machende m'mimba. Obwezeredwawo anameranso lipombo, anayambanso kulira ndi kuthamangitsa misoti. Zinaonetsa kuti ziwalozi zimathira chinachake m'magazi. Chinthucho chisanapezeke, anthu anachithamangira. Mu 1889 dokotala wotchuka wa ku Paris, Charles-Édouard Brown-Séquard, ali ndi zaka 72, anadzibaya jakisoni wa madzi ofinyidwa kuchokera ku machende a agalu ndi mbira, n'kulengeza kuti mphamvu zabwerera. M'zaka za m'ma 1920 Serge Voronoff ankasokerera tizidutswa ta machende a anyani m'matupi a anthu olemera, ndipo ku Kansas, ku America, John Brinkley analemera kwadzaoneni pochita zomwezo ndi ambuzi, odwala ena n'kufa m'manja mwake. Palibe mwa njirazi imene inkagwira ntchito. Chimene chimandiwawa pa nyengo imeneyi n'chakuti abambowo ankalipira chuma chambiri, ena kutaya moyo, popanda aliyense wowafunsa kuti vuto linayamba liti ndiponso motani.

Testosterone yeniyeni, chinthu chimene machende amathira m'magazi chija, inapezeka mu 1935, pamene gulu la Ernst Laqueur ku Amsterdam linaipatula, ndipo Adolf Butenandt ndi Leopold Ruzicka anapeza njira yoipangira mu labotale. Imathandizadi mwamuna amene thupi lake silikuipanga mokwanira. Koma madokotala anadzazindikira chinthu chimene ambiri sachidziwa mpaka lero: mwamuna akamailandira kuchokera kunja, ubongo umasiya kutuma machende kuti agwire ntchito, ndipo mbewu zimachepa kapena kutheratu. Mnyamata wofuna mwana akamabayitsa mankhwalawa kuti akhale ndi mphamvu kapena minofu, amakhala akudzitsekera yekha.

Ntchito yeniyeni inkachitika mwakachetechete m'malabotale. Mu 1929, ku Boston, Macomber ndi Sanders anatenga kagalasi kowerengera maselo a magazi n'kukagwiritsa ntchito powerenga mbewu za abambo. Mu 1951 John MacLeod wa ku New York anayerekeza umuna wa abambo 1,000 obereka ndi wa ena 1,000 a m'mabanja osabereka, ndipo kuyambira pamenepo dokotala anali ndi muyeso. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa buku loyamba la kayezedwe ka umuna mu 1980, ndipo buku la mu 2021 limaika malire apansi pa mbewu 16 miliyoni mu mililita imodzi.

Kuyezako n'kosavuta. Mwamuna amauzidwa kuti asagonane kwa masiku awiri mpaka asanu ndi awiri, kenako amapereka umuna m'kabotolo koyera. Woyeza amadikira kanthawi kuti usungunuke, amayeza kuchuluka kwake, n'kudontheza kadontho pagalasi. Amawerenga mbewu, amaona zingati zikusambira molunjika, zingati zikungonjenjemera pamalo amodzi, zingati zili ndi mitu yopindika kapena michira iwiri. Zotsatira zikakhala zoipa, dokotala wodziwa ntchito sathamangira kugamula. Mbewu imatenga pafupifupi miyezi iwiri ndi theka kuti ipangike, choncho malungo aakulu amene munthu anadwala mwezi watha akhoza kutsitsa chiwerengero kwa kanthawi. Amabwereza kuyezako, ndipo amamugwiranso munthuyo kuti aone kukula kwa machende, ngati njira zodutsa mbewu zilipo, ndiponso ngati mitsempha yatupa.

Kugwira ndi manjako kunabala zipatso. Mu 1952 Selby Tulloch wa ku Edinburgh anachita opaleshoni yomanga mitsempha yotupa ya m'thumba la machende mwa mwamuna amene analibiretu mbewu. Mbewu zinabwera, mkazi wake anaima. Kutupa kumeneku kumatenthetsa machende, ndipo mpaka lero ndi chimodzi mwa zifukwa za kusabereka zimene zimakonzeka. Zifukwa zina zinapezeka kuti n'zobadwa nazo, monga vuto limene Harry Klinefelter analongosola mu 1942. Pofika 1969, pamene Carl Schirren wa ku Hamburg anayambitsa magazini ya akatswiri a nkhanizi, umoyo wa abambo unali utasanduka nthambi yakeyake ya udokotala.

Nkhani ya kulephera kuchipinda inatsalira m'mbuyo. Mpaka m'zaka za m'ma 1970 mabuku ambiri ankaphunzitsa kuti pafupifupi onse olephera vuto lawo lili m'maganizo. Nkhawa imachititsadi zimenezi, makamaka mwa achinyamata, koma chiphunzitsocho chinasiya abambo ambiri odwala shuga akudziimba mlandu pachabe. Mu 1973 Brantley Scott wa ku Houston anapanga kachipangizo kopopa koikidwa m'thupi mwa opaleshoni. Mu 1982 Ronald Virag wa ku Paris anaonetsa kuti jakisoni wa papaverine, amene amamasula mitsempha ya magazi, amadzutsa chida cha abambo ngakhale popanda chilakolako. Chaka chotsatira, pamsonkhano wa madokotala ku Las Vegas, Giles Brindley wa ku Britain anadzibaya mankhwala a mtundu womwewo n'kuonetsa zotsatira zake kwa omvera ake. Ambiri anakhumudwa ndi khalidwelo, koma palibe anatsutsanso kuti nkhaniyi kwenikweni ndi ya kayendedwe ka magazi.

Kenako kunabwera mankhwala otchedwa sildenafil. Asayansi a kampani ya Pfizer ku Sandwich, ku England, ankawayesa ngati mankhwala a mtima. Pamtima sanathandize kwenikweni, koma abambo oyesedwawo anafotokoza zina zimene zinkawachitikira. America inawavomereza mu Marichi 1998 ndi dzina loti Viagra, ndipo kwa nthawi yoyamba abambo ambirimbiri anatsegula pakamwa pamaso pa dokotala. Phindu lalikulu, mwa kuona kwanga, linali lakuti madokotala anazindikira kuti mitsempha ya kumaliseche ndi yaing'ono kuposa ya mtima, choncho imayamba ndi iyo kutsekeka. Mwamuna wa zaka 50 amene wayamba kufooka kuchipinda ayenera kuyezedwa shuga, BP ndi mafuta a m'magazi, chifukwa matenda a mtima akhoza kumupeza patapita zaka zochepa. Amene amangogula mapiritsi pa okala kapena gondolosi pamsika amaphonya chenjezo limeneli. Palinso ngozi ina: sildenafil akakumana ndi mankhwala ena a mtima amagwetsa BP moopsa, ndipo ena amamuthira mobisa m'zinthu zimene amati n'zachilengedwe. Mu 2019 boma la Zambia linaletsa chakumwa china chopatsa mphamvu chopangidwa ku Ndola atachipeza ndi mankhwalawa.

Kumbali ya kubereka, Louise Brown, mwana woyamba wopangidwa pophatikiza dzira ndi mbewu kunja kwa thupi, anabadwa ku England mu 1978. Mu 1992 Gianpiero Palermo ndi André Van Steirteghem ku Brussels anasonyeza kuti mbewu imodzi yokha ikhoza kubayidwa m'dzira ndi kasingano. Mu 1999 Peter Schlegel wa ku New York anayamba kufunafuna mbewu m'kati mwa machende pogwiritsa ntchito maikulosikopu ya opaleshoni. Abambo amene kale ankauzidwa kuti aiwale za mwana anabereka. Koma mtolo wa chithandizochi umagweranso mkazi, chifukwa ndi iye amabayidwa majakisoni ndi kuchotsedwa mazira, ndipo mtengo wake ndi woti mabanja ambiri a kuno sangaufikire. Zipatala zina, poona kuti mbewu imodzi ikukwanira, zinayambanso kunyalanyaza kufufuza chimene chavuta mwa mwamunayo.

Lipoti la WHO la mu 2023 linati munthu mmodzi mwa asanu ndi mmodzi alionse amakumana ndi vuto la kusabereka pa moyo wake, ndipo akatswiri amavomerezana kuti pafupifupi theka la mabanja otere mbali ya vuto imakhala ya mwamuna. Kwathu kuno zifukwa zambiri n'zopeweka. Chinzonono chosachizidwa bwino chimasiya zipsera zotseka njira ya mbewu, matsagwidi akagwira mnyamata wotha msinkhu amatha kuwononga machende, ndipo TB nayo imafika kumeneko. Palinso likodzo. Dokotala wina ku Egypt analemba mu 1911 kuti limalowa m'ziwalo zoberekera za abambo, koma nkhaniyo inanyalanyazidwa kwa zaka zambiri. Ofufuza atayeza asodzi a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi anapeza mazira a likodzo mu umuna wawo. Ena mwa asodziwo ankamva ululu pogonana kapena kuona magazi mu umuna, zizindikiro zimene kuchipatala zimatengedwa msanga ngati matenda opatsirana pogonana. Mankhwala ake ndi praziquantel, yemweyo amene ana amalandira m'masukulu, koma asodzi akuluakulu kawirikawiri sawafikira.