Nthanda ya pa Komboni: Akazi Awiri a Mwezi ndi Machona a ku Mashonaland

Pa mafamu a fodya a ku Trelawney, Banket, Mvurwi ndi Karoi, munthu amene ankaidziwa bwino nthanda anali wosonkhezera moto m'mabani. Fodya wa mtundu wa Virginia saumitsidwa ndi dzuwa. Amafuna moto wosazima usana ndi usiku kwa pafupifupi sabata yathunthu, ndipo moto ukachepa kapena ukapyola muyezo, tsamba lonse limaonongeka. Wosonkhezerayo ankachezera ali maso kuyambira Januwale mpaka Malichi. Chaka china nyenyezi yowala kuposa zonse inkamutulukira kum'mawa tambala asanalire kachiwiri. Chaka chotsatira, mwezi womwewo, kum'mawa kunkakhala zii. Ambiri mwa amuna amenewa anali ochokera ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata, ndipo kwawo nyenyeziyi inali ndi nthano yake.

Nthanoyo imati Mwezi ndi mwamuna wa mitala. Mkazi wina, Puikani, amakhala kumadzulo ndipo ndi wodziwa kusamala mwamuna: Mwezi ukafika kwa iye uli woonda ngati chikwakwa, amaudyetsa mpaka unenepe. Mkazi winayo, Chekechani, amakhala kum'mawa ndipo ndi waulesi pa mphika: Mwezi ukapita kumeneko umaonda tsiku ndi tsiku mpaka kufa. Alice Werner, amene anakhalapo ku Blantyre m'zaka za m'ma 1890, anailemba nthanoyi monga anthu olankhula Chinyanja ankaikambira. Oipekawo anali anthu openyetsetsa. Mwezi watsopano umaonekeradi kumadzulo chisisira chitagwa, kumene nyenyezi ya madzulo imawalira, ndipo ukatero umayamba kukula. Mwezi wotha umaonekera kum'mawa m'bandakucha, kumene nthanda imatulukira, ndipo ukatero watsala pang'ono kuzimirira.

Chimene nthano sinanene n'chakuti akazi awiriwo ndi mmodzi. Ndi pulaneti ya Venus, imene imazungulira dzuwa m'masiku 225. Popeza njira yake ili pakati pa dzuwa ndi dziko lapansi, sitalikira dzuwa: imalitsogolera m'mawa kapena kulitsatira madzulo. Imakhala kumadzulo miyezi isanu ndi itatu kapena isanu ndi inayi, n'kubisala masiku ochepa, n'kutulukira kum'mawa kwa nthawi yofananayo, kenako n'kubisala pafupifupi miyezi iwiri. Ulendo wonsewo umatenga masiku 584. N'chifukwa chake Puikani akamawala kwa miyezi, khomo la Chekechani limakhala lotseka. Agiriki akale nawonso anayamba ndi maina awiri, Phosphoros ndi Hesperos, asanavomereze kuti ndi nyenyezi imodzi. Mu 1610 Galileo anaona ndi galasi lake kuti Venus nayo imakula n'kuonda monga Mwezi.

Masiku 584 sagwirizana ndi chaka cha mlimi, choncho nthanda siingalosere dzinja kapena masika. Ntchito imeneyo ndi ya Nsangwe, kagulu ka nyenyezi kamene kamaonekera kum'mawa dzuwa litangolowa m'mwezi wa Novembala chaka ndi chaka, mvula yodzalira ili pafupi. Azulu amakatcha isiLimela ndipo Aswahili amati Kilimia, maina ochokera ku mawu oti kulima. Nsangwe inali ya munda ndi nyengo. Nthanda inali ya ulendo, ya ola lodzukira ndi ya nkhani za m'banja.

Ulendo umene unaifikitsa ku Mashonaland unayamba ndi msonkho wa nyumba umene Angerezi anakhazikitsa ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1890, pamodzi ndi thangata ya m'minda ya azungu. Amuna ankayenda pansi kwa masabata, kuoloka Zambezi m'dera la Tete n'kulowera ku Mutoko kapena ku Mount Darwin. M'chigwa chotentha ngati chimenecho waulendo amalawira usiku kuti dzuwa likamakula akhale atapita patali. Bungwe la Rhodesia Native Labour Bureau la 1903 anthu analitcha Chibalo. Komiti ya boma la Nyasaland ya 1935 inayerekeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 kunabwera malole a Ulere, onyamula ofuna ntchito mosalipiritsa, ndipo mu 1946 kunakhazikitsidwa bungwe lolemba anthu ntchito limene linatchuka ndi dzina loti Mthandizi. Pangano la 1947 ndi makampani a fodya a ku Britain linakulitsa minda, ndipo mafamu anafuna manja ochuluka kuposa kale.

Pa famu nthawi inali ndi mwini wake. Chitsulo chikalira m'bandakucha, komboni yonse inkadzuka; kapitawo ankadula tikiti tsiku likatha, ndipo malipiro ankabwera tikiti ikadzaza masiku 30 ogwira ntchito. Nyengo nazo zinali za fodya: kufesa nazale m'chisanu, kuokera mvula ikayandikira, kuthyola ndi kuumitsa m'dzinja, kusankha ndi kumanga mabelo m'masika, kenako msika wa ku Salisbury umene unayamba mu 1936. Kumudzi nthanda inkadzutsa munthu kuti apite kumunda kwake. Pa komboni inkangochenjeza kuti chitsulo chatsala pang'ono kulira.

Eni dziko, Ashona, anali ndi maina awoawo a nyenyeziyi. Ya m'mawa amati Nyamatsatse. Ya madzulo amati Vhenekeratsvimborume, kutanthauza younikira mwamuna wosakwatira. Dzinali linali lakale, koma linkawayenera kwambiri alendo a pa komboni, amene ambiri anabwera okha n'kumadziphikira nsima ya ufa wa phoso dzuwa litalowa. Ngakhale nthano ya mitala inali ndi mbale wake kumeneko. Leo Frobenius, pa ulendo wake wa 1928 mpaka 1930, analemba nthano ya Ahungwe a kwa Makoni yonena za Mwedzi amene anakwatira Massassi, nyenyezi ya m'mawa, kenako Morongo, nyenyezi ya madzulo. Mnyanja ndi Mshona akanatha kukhala pa moto umodzi n'kupeza kuti makolo awo anaona ukwati pa thambo lomwelo.

Tchalitchi chinawonjezera tanthauzo lina. Ntchito ya Mishoni ya Nkhoma pakati pa Anyasa a ku Salisbury inayamba mu 1912, ndipo inadzabala Sinodi ya Harare ya CCAP. Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922, linasunga maina a makolo: Nsangwe ndi Akamwiniatsatana ali m'buku la Yobu, ndipo m'Chivumbulutso Khristu akutchedwa ndi dzina la nthanda. Motero nyenyezi imene nthano inkaitcha mkazi womana chakudya inasanduka chizindikiro cha kucha kwa tsiku lachiyembekezo. Madanga a nyuzipepala olosera za munthu poona nyenyezi anabweretsanso lawo: Venus wa chikondi, wolamulira Taurus ndi Libra, mwambo umene mizu yake ili ku Babulo, kumene pulanetiyi inali ya mulungu wamkazi Ishtar. Koma kalendala imeneyo inakonzedwa kumpoto kwa dziko. Taurus, wa kumapeto kwa Epulo mpaka Meyi, kumeneko ndi nyengo ya mphukira, pamene ku Mashonaland ndi nthawi yokolola, chisanu chili pakhomo.

Pa matanthauzo onsewa, la mitala ndilo limafotokoza bwino moyo wa machona. Mwamuna ankasiya mkazi ndi ana ku Dedza kapena ku Ntcheu, akulonjeza kubwera ndi njinga ndi bulangete. Zaka zinkapita, makalata n'kuchepa, iye n'kukwatira ku famu. Kwa otsala kumudzi, Rhodesia anali Chekechani amene ankadya mphamvu za mwamuna wawo. Kwa ana obadwira pa komboni, famu ndiyo inkawadyetsa, ndipo Malawi linali dziko lomvera m'nyimbo za Gule Wamkulu ndi za Beni.

Chaka cha 2000 chisanafike, mafamu akuluakulu pafupifupi 4,000 ankalemba ntchito anthu oposa 300,000, ndipo gawo lina linali la ana ndi zidzukulu za obwera. Kulanda ndi kugawa minda kutayamba chaka chimenecho, ambiri anataya ntchito ndi nyumba nthawi imodzi, alibe mudzi wobwererako. Ena anakakhala m'malo ngati Lydiate, pafupi ndi Norton. Lamulo la unzika la 2001 linawauza kuti akane unzika wa dziko la makolo awo, limene ambiri anali asanalipondepo, ndipo olephera kutero anawerengedwa ngati alendo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndiwo anavomereza kuti wobadwira ku Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC, amene amakhala komweko, ndi nzika yobadwa nayo.

Lamulo la 2001 linachita monga nthano: linaona kum'mawa ndi kumadzulo n'kuganiza kuti ndi anthu awiri oyenera kulekanitsidwa. Mdzukulu wa wosonkhezera moto uja, amene amalankhula Chishona kumsika ndi Chichewa kumaliro, ndi munthu mmodzi woonekera mbali ziwiri. Maina a Puikani ndi Chekechani samveka kawirikawiri masiku ano, koma mawu oti nthanda adakalipo m'mapemphero ndi m'nyimbo za m'matchalitchi a Chichewa a ku Zimbabwe. Maulendo asanu a Venus amakwana zaka zisanu ndi zitatu, choncho pakatha zaka zimenezo imabwerera pamalo pomwe inali, pa mwezi womwewo, pamwamba pa mabani omwewo, kaya muli moto kaya munagwa kale.