Nkhondo ya 1914: misozi ya Ajeremani ndi mitolo ya amtengatenga

Kanema wa All Quiet on the Western Front, wa 1930 komanso wa 2022, amaonetsa anyamata achijeremani akufera m'matope a m'maenje a nkhondo. Ena amati kuwamvera chisoni n'kuiwala milandu ya dziko lawo. Komatu chipani cha Nazi chinadana naye kanema wa 1930 mpaka analetsedwa ku Germany, chifukwa ankavula nkhondo ulemerero wake. Wolirira msilikali wosauka sayamikira mfumu imene inamutuma.

Komabe kwa anthu a ku Kamushanga, ku Kabwe, nkhaniyi ndi yosakwanira. Njanji inafika ku Broken Hill, Kabwe wa lero, mu 1906, ndipo pa nkhondo ya 1914 yomweyo katundu wankhondo wopita kumpoto akatsika m'sitima ankasenzedwa pamutu ndi amtengatenga, ambiri ogwidwa mokakamizidwa, amene ankafa ndi njala ndi matenda. Gulu lankhondo la Ajeremani la Paul von Lettow-Vorbeck limene linagonja ku Abercorn, Mbala wa lero, pa 25 Novembala 1918, linali lodzaza ndi asilikali ndi onyamula katundu achikuda. Ngati chifundo chikuyenera mnyamata wa ku Germany, chikuyeneranso makolo athuwa, ndipo opanga makanema a ku Zambia ayenera kufotokoza mavuto awo.