Kodi teshuva n'chiyani?

Mawu akuti teshuva amamveka kwambiri Ayuda akamakonzekera Rosh Hashanah, chaka chawo chatsopano, ndipo ambiri amangoti ndi kulapa. Sakulakwa kwenikweni, koma mawuwa ndi Achiheberi, ochokera ku shuv, kutanthauza kubwerera. Wochita teshuva ndi munthu amene watembenuka n'kubwerera kunjira imene anaisiya. M'Chiheberi cha lero mawu omwewa amatanthauzanso yankho, ngakhale la pamayeso.

Nyengo yake imayamba m'mwezi wa Elul, pamene m'masunagoge ambiri amaomba shofar, lipenga la nyanga ya nkhosa yamphongo, m'mawa uliwonse kupatula pa Sabata. Imafika pachimake m'masiku 10 oyambira pa Rosh Hashanah mpaka pa Yom Kippur, Tsiku la Chitetezo.

Tiyerekeze kuti wogulitsa zipatso pamsika wa Mahane Yehuda ku Jerusalem anajeda mnzake wogulitsa pafupi naye. Kuti achite teshuva, kupemphera kokha sikukwanira ayi. Mishnah, buku la malamulo a Ayuda, imaphunzitsa kuti Yom Kippur sifafaniza cholakwira munthu mnzako usanakamupepese. Ndiye mkuluyo amapita yekha kukavomereza zimene ananena, ndipo ngati pali kangongole amabweza. Mnzakeyo akakana kukhululuka, mphunzitsi wa Ayuda Maimonides analangiza kuti abwerereko ndi anzake atatu, mpaka katatu.