Mpumulo wa wothyola tiyi: mbiri ya ku Thyolo

Sabata yatha mwana wina wa Folomu 3 anandionetsa pa foni kanema wa anthu akuchita yoga m'chipinda chotentha dala. Masewerowa anawatchukitsa ndi Bikram Choudhury ku Los Angeles m'zaka za m'ma 1970. Chipinda amachitenthetsa kufika madigiri pafupifupi 40, ndipo kwa mphindi 90 anthu amapinda thupi m'njira 26. Chimene chinaseketsa ana ndi chakuti akafika pa mbali yochitira pansi, akangomaliza kupinda kumodzi amagona chagada kwa kanthawi asanayambe kwina. "Aphunzitsi, amenewatu ndi aulesi," anatero mwanayo.

Ine sindinaseke. Ndinakumbukira agogo anga aakazi amene anathyola tiyi kuno ku Thyolo mpaka msana unapindika. Iwo ankati thupi likatentha limapempha mthunzi, ndipo ukalimana limadzitengera lokha pokugwetsa. Kungoti m'munda wa tiyi wolamula nthawi yopuma sanali mwini thupi ayi.

Tiyi wolima kuti agulitsidwe anayambira ku Mulanje mu 1891 ndi Henry Brown, kenako anafika kuno ku Thyolo. Esiteti ya Satemwa anaiyambitsa Maclean Kay mu 1923. Manja ambiri amene anagwira ntchitoyi anali a Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Atafika anapeza malo ali m'manja mwa azungu, ndiye kuti akhale pamalopo ankalipira ndi ntchito. Iyi ndiye thangata. Kale mawuwa ankatanthauza kuthandizana pa dima, koma pa esiteti anasanduka goli.

Nkhanza yeniyeni inali pa tikiti. Munthu ankapatsidwa ndime ya tsiku, ndipo akaimaliza kapitawo ankachonga tsikulo. Ndime ikatsala, tsiku silinkawerengedwa. Choncho mwezi umodzi wa thangata unkatha kutalika mpaka masabata asanu ndi limodzi kapena kuposa. Taganizirani abale: kukhala pansi pa mtengo kuti mtima ubwerere m'malo kunkatha kukudyera tsiku lonse. Komanso thangata inkafunidwa nthawi ya dzinja, pamene munthu anayenera kupalira munda wake. Madandaulo oterewa anamveka pa kafukufuku amene boma linachita John Chilembwe ataukira mu 1915, ngakhale kuti iwo anali a ku Magomero osati kuno.

Boma la atsamunda linayesa kuzigamba ndi lamulo la mu 1928 lokhudza anthu okhala m'maesiteti, kenako Sidney Abrahams anabwera mu 1946 kudzafufuza nkhani ya malo. Koma mkwiyo sunathe. Mu Ogasiti 1953 kunabuka zipolowe kuno ku Thyolo, nkhani ya thangata itasakanikirana ndi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo anthu anafa. Thangata inadzathetsedwa ndi lamulo la mu 1962.

Chimene chimandiwawa ndi ichi. Azungu aja ankadziwa bwino lomwe kuti kupuma n'kofunika. Mtengo wa tiyi ukathyoledwa, masamba awiri ndi kansonga, amausiya masiku angapo kuti uphukenso. Pakapita zaka amaudulira kuti utsitsimuke. Tsamba likafika ku fakitale amaliyanika maola ambiri kuti lifote lisanapite ku makina. Mtengo unali ndi mpumulo wake, tsamba linali ndi wake. Wopanda mpumulo anali munthu wonyamula dengu kumsana.

Lero zinthu zinasintha. Lamulo la ntchito la mu 2000 limati maola a ntchito asapyole 48 pa sabata, ndiponso wantchito azikhala ndi tsiku lopuma. Koma tiyi amachuluka kuyambira Disembala mpaka Epulo, nthawi ya mvula ndi chifunthi, ndipo pamene malipiro akutsata sikelo, mayi amaganiza kawiri asanatule dengu kuti akamwe madzi. Kapitawo wa chikoti anapita, koma makilo amathamangitsabe munthu.

Ndiye ndinawauza ana anga kuti amene mukuwaseka aja si aulesi. Akuchita kulipira ndalama kuti wina awauze kuti gonani pansi mupume. Agogo anu anadikira mpaka 1962 kuti tikiti ya thangata iwachoke pakhosi. Lolemba likudzali aliyense abwere atafunsa wachikulire wa kwawo kuti ankapuma nthawi yanji m'munda wa tiyi, nanga ankawaloleza ndani. Zimenezo sizili m'buku lathu la mbiri, koma tizilemba tokha.