Uinjiniya ndi zilankhulo: momwe wophunzira angagawire zaka zake zisanu

Ndirande ndi dera la amisiri. Owotcherera zitsulo, okhoma mbaula ndi zidebe, akalipentala ndi okonza galimoto adadzaza m'mbali mwa msika, ndipo mafakitale a ku Makata ali pafupi pomwepo. N'chifukwa chake ana ambiri okulira kumeneko amalota zodzakhala mainjiniya. Sukulu yaukachenjede yophunzitsa ntchitoyi nayo sili kutali: MUBAS, yomwe kale inkatchedwa The Polytechnic, ili ku Ginnery Corner mumsewu wa Chipembere. Idatsegulidwa mu 1965 ndipo idayamba kuima payokha mu 2021 itachoka pansi pa University of Malawi.

Chomwe ambiri saganizira msanga n'chakuti injiniya sagwira ntchito ndi masamu okha. Amawerenga mabuku a makina, amalemba malipoti, amakambirana ndi makontilakitala akunja, komanso amafotokozera anthu wamba zomwe akumanga. Zonsezi zimalira chilankhulo.

Digiri ya mbali ziwiri

M'maiko ena muli digiri yophatikiza uinjiniya ndi maphunziro a zilankhulo ndi chikhalidwe. Ku University of Rhode Island m'dziko la America, pulogalamu yotere idayamba mu 1987. Wophunzira amatha zaka zisanu n'kutuluka ndi madigiri awiri, ya uinjiniya ndi ya chilankhulo monga Chijeremani, Chifalansa kapena Chitchaina, ndipo chaka chimodzi mwa zakazo amakakhala kudziko la eni chilankhulocho, kuphunzira ndi kugwira ntchito pakampani. Mayunivesite a ku Australia monga Sydney ndi Monash nawo ali ndi madigiri ophatikiza chomwecho.

Kuno kumudzi, wophunzira akakhoza mayeso a MSCE ndi makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, amapempha malo kudzera kubungwe la National Council for Higher Education ndipo amasankhidwira pulogalamu imodzi. Uinjiniya ku MUBAS ndi wa zaka zisanu. Maphunziro akuya a zilankhulo, monga Chifalansa ndi zilankhulo za mu Africa, likulu lake ndi ku University of Malawi ku Zomba. Ku MUST, yomwe idatsegulidwa mu 2014 ku Thyolo, mbali ziwirizi zili pabwalo limodzi: uinjiniya uli ku Malawi Institute of Technology pomwe zachikhalidwe ndi zilankhulo zili ku Bingu School of Culture and Heritage. Ngakhale zili choncho, aliyense amalondola pulogalamu yomwe adasankhidwira.

Izi zikutanthauza kuti wophunzira uinjiniya wofuna chilankhulo ayenera kudzilambulira yekha njira, ndipo ayambe kutero adakali m'chaka choyamba.

Chingerezi ndi Chichewa poyamba

Chilankhulo choyamba kuchisamala ndi Chingerezi, poti ndicho cha m'kalasi, cha mayeso ndi cha mapangano a ntchito. Ophunzira a chaka choyamba amachita phunziro la kalembedwe ndi kalankhulidwe, lomwe ena amalipeputsa poliyerekeza ndi masamu. Komatu lipoti la pulojekiti ya chaka chomaliza, kalata yofunsira ntchito ndi zikalata zopikisanira kontilakiti zonse zimatsamira paphunziro limenelo.

Chachiwiri ndi Chichewa, chomwe chidakhazikitsidwa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968. Kuchilankhula kunyumba n'kosiyana ndi kufotokozera nacho nkhani za luso. Namondwe wa Freddy atagwa mu March 2023, madzi ndi matope zidagwetsa nyumba ndi kupha anthu ku Chilobwe, Ndirande ndi madera ena a mumzinda wa Blantyre. Injiniya wotumidwa kukakonza ngalande kapena mlatho pamtsinje wa Nasolo amayenera kuima pamaso pa mafumu ndi eni nyumba n'kuwamvetsa chifukwa chomwe maziko okumbidwa m'mphepete mwa mtsinje kapena pamtsetse wa phiri sangalimbe. Akalephera kufotokoza, anthu amabwerera pomwe padagwa ngozi paja. Mtanthauziramawu wa Chinyanja, womwe bungwe la Centre for Language Studies la ku Zomba lidatulutsa mu 2000, ndi poyambira pabwino kwa wofuna kunola Chichewa chake.

Kusankha chilankhulo chakunja

Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Wophunzira uinjiniya alibe nthawi ya zilankhulo zitatu. Asankhe chimodzi, potengera nthambi yake ndi komwe ntchito ya nthambiyo imapezeka.

Chipwitikizi n'choyenera a zomangamanga, zanjanji, zamigodi ndi zamagetsi. Katundu wambiri wa dziko lino amadzera kumadoko a Beira ndi Nacala ku Mozambique. Njanji yonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita ku Nacala imadutsa m'Malawi, ndipo nthambo zolumikiza magetsi a maiko awiriwa n'zochokera ku Matambo m'chigawo cha Tete kudzafika ku Phombeya m'boma la Balaka. Kuchokera ku Blantyre, chipata cha Mwanza ndi ulendo wa maola ochepa.

Chitchaina chidayamba kufunika kwambiri kuchokera pomwe Malawi adapalana ubale ndi China kumapeto kwa 2007. Makampani a dzikolo ndiwo adamanga Nyumba ya Malamulo ndi bwalo la Bingu National Stadium ku Lilongwe, msewu wa Karonga-Chitipa komanso sukulu ya MUST. Chilankhulochi chimaphunzitsidwa ku Confucius Institute ya University of Malawi, ndipo mayeso ake amatchedwa HSK.

Chifalansa chimaphunzitsidwa m'sukulu zina za sekondale ndipo chimalembedwa pa MSCE, choncho yemwe adachiyamba kale asachitaye. Chimatsegula khomo la migodi ya ku Democratic Republic of Congo ndi la mabungwe a maiko ambiri. Chiswahili nacho n'chothandiza kwa ogwira ntchito m'njira ya ku Dar es Salaam. Mu 2019 bungwe la SADC lidachivomereza kukhala chilankhulo chake chachinayi, kuonjezera pa Chingerezi, Chifalansa ndi Chipwitikizi.

Kuwerengera nthawi

Sukulu ya Foreign Service Institute, yomwe imaphunzitsa akazembe a dziko la America, idanenapo kuti munthu wolankhula Chingerezi amafunika maola a m'kalasi pakati pa 600 ndi 750 kuti agwire ntchito m'Chipwitikizi kapena Chifalansa, maola pafupifupi 900 pa Chiswahili kapena Chijeremani, ndi maola 2,200 pa Chitchaina.

Masamu ake ndi osavuta. Wopatula maola anayi pasabata kwa masabata 50 pachaka amakwanitsa maola 600 m'zaka zitatu. Pa liwiro lomwelo, Chitchaina chingamutengere zaka 11. Wosankha Chitchaina tsono adziwiretu kuti m'zaka za digiri akumanga maziko okha, ndipo kuchidziwa kwenikweni kudzalira kukakhala ku China, mwina pochita digiri yachiwiri.

Zaka zisanuzo zingagawidwe motere. Chaka choyamba chikhale cha masamu, sayansi ndi Chingerezi, pakuti wolephera pamenepa amabwereza kapena kuchotsedwa sukulu, ndipo chilankhulo chakunja sichingamuombole. Chaka chachiwiri ndi chachitatu ndiyo nthawi yoyamba chilankhulo chatsopano, pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, n'kumaonjezera maola patchuthi. Nthawi ya atachimenti ikayandikira, wophunzira afunefune kampani yomwe chilankhulocho chimamveka, ngakhale malipiro ake atakhala ochepa. Chaka chomaliza n'cha pulojekiti, choncho si nthawi yoyamba chinthu chatsopano koma yosunga zomwe waphunzira ndi kulemba mayeso.

Satifiketi ndi ndalama

Olemba ntchito ndi opereka sikolashipu amafuna umboni wolembedwa. Zilankhulo za ku Ulaya zimayezedwa pa makwerero 6, kuyambira A1 mpaka C2, ndipo B2 ndiyo yomwe mayunivesite ambiri amafuna kuti munthu aphunzire m'chilankhulocho. Satifiketi ya Chifalansa ya DELF siitha mphamvu, choncho ingalembedwe nthawi iliyonse. Zotsatira za mayeso a Chingerezi a IELTS ndi TOEFL zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha. Kuwalemba m'chaka chachitatu n'kutaya ndalama. Ayenera kudikira mpaka nthawi yopempha malo kunja itayandikira.

Ngongole ya bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board ndi yothandizira digiri yomwe munthu adasankhidwira, choncho zolipira kalasi yapadera ya chilankhulo zimachokera m'thumba la banja. Kwa kholo logulitsa pamsika wa Ndirande, umenewu si mtolo wopepuka. Njira zosalira ndalama zambiri zilipo: maphunziro aulere a pa intaneti pogwiritsa ntchito makompyuta a pasukulu, wailesi za ku Mozambique, komanso kucheza ndi eni chilankhulo, poti mumzinda wa Blantyre olankhula Chipwitikizi, Chiswahili ndi Chifalansa sasowa. Ndalama yochepa yomwe ilipo ndi bwino kuisungira mayeso a satifiketi.

Wotsatira ndondomekoyi amatuluka ndi digiri imodzi ngati anzake onse, koma pofunsira ntchito ku Tete, ku Nacala kapena kwa kontilakitala wakunja amakhala ndi pepala lachiwiri m'manja, ndipo pamsonkhano wa kwa amfumu safuna womumasulira.