Fulashi Ikangoti Zii pa Kompyuta ya Windows

Ambirife kuno ku Perth timasunga fulashi yochokera kumudzi, yodzaza zithunzi za ukwati ndi nyimbo za kwaya. Tikailowetsa mu laputopu, pamatuluka kauthenga kofunsa chochita nayo. Kauthengako ndi ka AutoPlay, ndipo kamadalira pulogalamu yogwira ntchito mseri yotchedwa Shell Hardware Detection. Pulogalamuyi ikazimitsidwa, mwina ndi mwana wofuna kuti gemu yake izithamanga, fulashi imangoti zii. Tisathamangire kuifomata, makolo anzathu. Zithunzi zikadalimo, ndipo tikatsegula File Explorer tizipeza.

Mu Windows 10 ndi 11, pulogalamuyi imabwera ili pa Automatic, kutanthauza kuti imadzuka yokha kompyuta ikayatsidwa. Imayendera akaunti ya Local System, ndipo siyamba ngati Remote Procedure Call yazima.

Poibwezeretsa, timadina mabatani a Windows ndi R limodzi, n'kulemba services.msc. Pamndandanda timatsegula Shell Hardware Detection, pa Startup type timasankha Automatic, kenako Apply ndi Start. Kauthenga kakapanda kubwerabe, tione mu Settings ngati AutoPlay yeniyeniyo ili yoyatsa.